Atimba a m'nkhalango za mvula: mafunso ndi mayankho

Mukalowa m'nkhalango yobiriwira ya pa Zomba kapena pa Mulanje m'mamawa, makutu ndi amene amayamba kugwira ntchito. Kunsonga za mitengo, m'mbali mwa njira ndi pansi pa zitsamba kumamveka timawu tosiyanasiyana, koma eni mawuwo saoneka. Ambiri mwa iwo ndi timbalame todya tizilombo, tomwe pakamwa pa anthu timangotchedwa atimba. M'munsimu muli mayankho a mafunso okhudza khalidwe la timbalameti komanso momwe akatswiri amatigawira m'mabanja.

Kodi atimba a m'nkhalango ndi mbalame zotani?

Ndi timbalame tochepa thupi, totalika masentimita 10 mpaka 13, ndipo tambiri timalemera magalamu 10 kapena kupitirirako pang'ono. Mlomo wake ndi wowonda ndi wosongoka, woyenera kutola mbozi ndi akangaude pamasamba. Nthenga za tambiri n'zobiriwira, zotuwa kapena zofiirira, ngakhale tina tili ndi chikasu chowala ndi mzere wakuda pachidali.

Timba wa kudambo aliyense amamudziwa, chifukwa amatera pansonga pa udzu n'kumalira poyera. Anzake a m'nkhalango sachita zimenezo. Moyo wawo wonse uli mumthunzi, ndipo sakhala panthambi imodzi ngakhale kwa kamphindi. Nkhalango zomwe tikunena pano si za miombo zoyoyola masamba m'chilimwe ayi, koma zija za mitengo italiitali yokutidwa ndi ndere, zobiriwira chaka chonse, zomwe zili pa Mulanje, Zomba, Ntchisi, Viphya, Nyika ndi Misuku, komanso m'mapiri a ku Mozambique, Tanzania ndi kum'mawa kwa Zimbabwe.

Kodi onsewa ndi a banja limodzi?

Ayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Kwa zaka zambiri akatswiri a mbalame ankatenga pafupifupi kambalame kalikonse kakang'ono kodya tizilombo, kaya ka ku Africa, ku Ulaya kapena ku Asia, n'kukaika m'banja limodzi lotchedwa Sylviidae. Banjalo linafufuma mpaka kufika mitundu pafupifupi 400. Chowaphatikiza chinali maonekedwe basi: thupi laling'ono, mlomo wowonda, nthenga zosadzionetsera. Kambalame kakasowa kolowera, ankangokaponyera momwemo.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1990, pamene Charles Sibley ndi Jon Ahlquist a ku America anatulutsa zotsatira za ntchito yawo yoyerekeza DNA (chinthu cha m'thupi chomwe chimaonetsa chibale cha zamoyo) ya mbalame zambirimbiri. Iwo ndi amene anapatula banja la Cisticolidae kuti liime palokha. Njira yawo inali ndi zofooka zake, koma inatsegula khomo. Mu 2006 Per Alström wa ku Sweden ndi anzake anaunika DNA mozama kuposa pamenepo, ndipo zinaoneka poyera kuti Sylviidae wakale uja anali mabanja angapo osiyana, ena otalikirana chibale moti pakati pawo pali apumbwa ndi anamzeze. Lero dzina loti Sylviidae latsala ndi kagulu kochepa, ndipo atimba ambiri okhazikika m'nkhalango zathu zamvula sali m'menemo.

Nanga a m'nkhalango zathu ali m'mabanja ati?

Banja lalikulu kuno ndi Cisticolidae, lomwe lili ndi mitundu pafupifupi 160, yambiri mwa iyo ya mu Africa. Atimba a kudambo ndi a m'mphepete mwa minda ali momwemu. M'nkhalango, banjali likuimiridwa makamaka ndi gulu la Apalis, lomwe lili ndi mitundu yoposa 20, yonse ya kumwera kwa chipululu cha Sahara. Apalis mumamudziwira thupi lowonda ndi mchira wautali. Camaroptera, wa mchira waufupi woimika, nayenso ndi wa banja lomweli.

Banja la Phylloscopidae, lomwe mitundu yake yambiri ili ku Asia, lili ndi mitundu pafupifupi 80. Wathu wa m'mapiri ndi Phylloscopus ruficapilla, wofiirira pamutu, wa nsidze zachikasu ndi khosi lachikasu. Ku Zambia, m'nkhalango zonyowa za m'mbali mwa mitsinje zomwe kumeneko amati mushitu, kuli mbale wake Phylloscopus laurae.

Pansi penipeni, m'ziyangoyango zomwe munthu sangapitemo, mumakhala Bradypterus lopezi wa banja la Locustellidae. Ndi wofiirira thupi lonse, amayenda chokwawa pakati pa timitengo, ndipo mutha kuima naye pafupi mamita awiri osamuona. Achibale ake ambiri ndi a m'mabango ndi m'maudzu ataliatali. Palinso banja la Macrosphenidae, la mu Africa mokha, momwe muli atimba a gulu la Sylvietta, aja a kamchira kakafupi kosaoneka n'komwe.

DNA inabwezanso ena omwe anasokeretsedwa. Kambalame ka mchira wofiirira kotchedwa Erythrocercus livingstonei, kopezeka ku Liwonde ndi ku Lengwe, kale kankawerengedwa pamodzi ndi mbalame zowakha ntchentche m'malere, koma tsopano kadziwika kuti ndi kachibale ka atimba. Ku Madagascar zinachita kunyanya. Mbalame zomwe zinali zitamwazidwa m'mabanja atatu, zina n'kumatchedwa apumbwa, zinapezeka kuti ndi mbumba imodzi ya pachilumbapo, ndipo mu 2010 zinapatsidwa banja lawolawo la Bernieridae.

Zikutheka bwanji kufanana chonchi popanda chibale chapafupi?

Ntchito ndi imene imaumba thupi. Mbalame iliyonse imene chakudya chake ndi tizilombo tobisala kuseri kwa masamba imapindula ikakhala yopepuka, kuti ifike kunsonga kwa kanthambi osakathyola. Imapindulanso ndi mlomo wowonda, ndi nthenga zosavuta kubisala nazo. Mibadwo ikamapita, mbalame za makolo osiyana zogwira ntchito imodzimodziyo zimafika pofanana maonekedwe. N'chifukwa chake akatswiri akale, omwe ankadalira zikopa za mbalame zosungidwa m'madirowa a ku London ndi Berlin, ankasokonezeka. Chikopa chimaonetsa mtundu wa nthenga ndi kutalika kwa phiko, koma sichilira ndipo sichimanga chisa.

Kodi n'zoona kuti pali timba wopezeka m'Malawi mokha?

Inde. Ndi apalis wa khosi lachikasu, Apalis flavigularis, ndipo ndiye mbalame yokhayo imene dziko lonse lapansi limaipeza m'Malawi mokha. Nkhwazi ya pa chizindikiro cha dziko lathu ili m'maiko ambiri a mu Africa, koma kambalame aka kwawo ndi mapiri atatu basi: Mulanje, Zomba ndi Malosa. Dzina lake la sayansi linalembedwa mu 1893 ndi katswiri wa mbalame G. E. Shelley.

Mukamuona pafupi simungamuiwale. Kumsana ndi wobiriwira, mutu ndi wakuda, diso ndi loyera, ndipo kuyambira pakhosi mpaka kumimba ndi chikasu chowala chodulidwa ndi mzere wakuda pachidali. Amakonda m'mphepete mwa nkhalango, m'zigwa za mitsinje ndi m'zitsamba zowirira, ndipo kawirikawiri amayenda awiriawiri. Bungwe la IUCN, lomwe limasunga mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo, linamuika m'gulu la zomwe zingathe kutheratu. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wa sukulu wa ku Domasi kapena ku Likhubula amaphunzira za nyama za kutali, koma za mbalame ya kuseri kwa nyumba yake, yomwe kulibenso kwina, sauzidwa.

Akatswiri amadziwa bwanji kuti uwu ndi mtundu pawokha?

Amayang'ana nthenga, miyeso ya thupi, kulira, DNA, komanso ngati mbalamezo zimakwatirana zikakumana. Vuto la atimba a m'mapiri n'lakuti sakumana. Wa pa Zomba sangaoloke chigwa cha Shire kukapeza wa ku Dedza, ndiye palibe njira yoonera ngati angaberekerane.

Apalis wathu wa khosi lachikasu ndi chitsanzo chabwino cha mkanganowu. Kwa nthawi yaitali ankatengedwa ngati nthambi chabe ya Apalis thoracica, mtundu wa khosi loyera womwe wafalikira kuchokera ku South Africa mpaka ku Kenya, ndipo umapezekanso m'mapiri a pakati ndi kumpoto kwa Malawi. Amene ankamuphatikiza ndi thoracica ankati kulira kwawo n'kofanana kwambiri. Amene anamupatula anati nthenga zake n'zosiyana kotheratu, ndipo wakhala payekha kwa mibadwo yosawerengeka. Mkangano womwewo unakhudzanso apalis wa pa phiri la Namuli ku Mozambique ndi wa m'mapiri a Taita ku Kenya. Mabuku ambiri a masiku ano amawalemba onse atatu ngati mitundu yoima payokha.

Wina angati izi ndi zokangana za anthu ophunzira, zopanda phindu kwa mbalameyo. Si choncho. Pa nkhani ya mbalame, mndandanda wa IUCN umawerenga mitundu, osati nthambi. Apalis wa pa Zomba akawerengedwa pamodzi ndi thoracica, amasowa pamndandanda, chifukwa thoracica ndi wochuluka ndipo palibe amene akumudera nkhawa. Akaima payekha, nkhalango za Mulanje ndi Zomba zimaoneka pa mapu a dziko lonse ngati malo ofunika kutetezedwa, ndipo thandizo limatsata mapu amenewo. Ine ndili kumbali ya omupatula. Kambalame kokhala ndi maonekedwe akeake, pa mapiri akeake, kakatha palibe china chodzalowa m'malo mwake, kaya buku linakatcha mtundu kapena nthambi.

N'chifukwa chiyani phiri lililonse likuoneka kuti lili ndi timba wakewake?

Nkhalango za mvula za kuno sizinalumikizane. Pakati pa Mulanje ndi Namuli, kapena pakati pa Zomba ndi Ntchisi, pali zigwa zotentha, miombo ndi minda. Kale nyengo ya Africa yakhala ikusinthasintha. Pa nthawi za chinyezi nkhalango zinkatsika n'kuyandikirana, ndipo mbalame zinkatha kudutsa. Pa nthawi zouma, monga zaka 20,000 zapitazo, nkhalango zinkabwerera m'mapiri, mbalame n'kutsekeredwa momwemo. Timba wa m'nkhalango ali ndi mapiko aafupi obulungira, ndipo sakonda kuuluka poyera. Kagulu kakakhala kokha nthawi yaitali, kamayamba kusiyana ndi abale ake.

Pa Namuli, phiri lotalika mamita 2,419, Jack Vincent anapeza apalis wa khosi lakuda mu 1932, yemwe anatchedwa Apalis lynesi. Panadutsa zaka zoposa 60 akatswiri asanamuonenso, mpaka 1998, chifukwa cha kutalika kwa malowo komanso nkhondo ya ku Mozambique. Pambuyo pake anapezekanso pa phiri la Mabu.

Nkhani yodabwitsa koposa ndi ya timba wa mlomo wautali wa gulu la Artisornis. Anayamba kudziwika ku mapiri a Usambara, kumpoto chakum'mawa kwa Tanzania, ndipo anatchedwa Artisornis moreaui polemekeza Reginald Moreau, yemwe ankagwira ntchito ku Amani, m'mapiri omwewo. Mu 1945 Jali Makawa, Mlomwe wobadwira ku Mozambique amene anagwira ntchito zaka zambiri ndi katswiri wa mbalame C. W. Benson kuno ku Nyasaland, anakwera phiri la Njesi, kumpoto kwa Lichinga, kutsidya kwa nyanja yathu. Kumeneko anapeza kambalame konga komweko, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku Usambara, popanda kena kalikonse pakati. Sikanaonekenso kwa akatswiri mpaka 2001, pamene Peter Ryan ndi Claire Spottiswoode anafikako. Tsopano ambiri amakalemba ngati mtundu pawokha, Artisornis sousae. Gulu lomweli linayamba laikidwa pamodzi ndi atimba osoka masamba a ku Asia, koma DNA inaonetsa kuti abale ake enieni ndi a mu Africa momwemuno. Dzina la Makawa liyenera kumveka kwambiri kuposa momwe limamvekera, chifukwa zambiri zomwe mabuku amanena za mbalame za dera lino zinadutsa m'maso ndi m'makutu mwake.

Amadya chiyani, ndipo salimbirana chakudya?

Amadya mbozi, njenjete, nsabwe za m'masamba, tiziwala, ntchentche, akangaude ndi mazira a tizilombo. Muyang'anitsitse apalis akamasaka. Amadumphira pakanthambi, n'kupendeketsa mutu kusuzumira kunsi kwa tsamba, n'kujompha, n'kudumphanso. Akagwira mbozi yaikulu amayamba waimenyetsa panthambi kangapo isanamezedwe. Phylloscopus ruficapilla amatha kuima m'malere kwa kamphindi, mapiko akunjenjemera, kuti atole kachilombo komwe sangakafikire ali chotera.

Kulimbirana kumachepa chifukwa nkhalango anaigawana kuchokera pansi mpaka kumwamba. Bradypterus ndi camaroptera ali pansi. Apalis wa mzere pachidali, thoracica uja, amakonda zitsamba ndi nthambi zapakati. Kunsonga kuli ena: Apalis chapini m'mapiri a kumpoto ndi pakati, Apalis melanocephala wa mutu wakuda kumwera, ndi Apalis chariessa wa mapiko oyera. Womalizayu ndi wokongola kuposa onse. Wamwamuna ndi wakuda bii kumsana, ali ndi chigamba choyera paphiko, mchira wautali ndi mimba ya chikasu chopita ku olenji. Amafuna mitengo ikuluikulu ya m'munsi mwa mapiri, yomwenso ndi yoyamba kugwetsedwa. Ku Kenya, m'mbali mwa mtsinje wa Tana, anaoneka komaliza mu 1961.

Bwanji nthawi zina nkhalango imakhala zii, kenako mbalame zamitundumitundu n'kutulukira nthawi imodzi?

Mwakumana ndi gulu losakanikirana. Mbalame zodya tizilombo zimasonkhana n'kumayendera limodzi, makamaka m'miyezi yozizira pamene sizili pa zisa. M'gulumo mumakhala atimba a mitundu ingapo, apumbwa a m'nkhalango, agogomole, ndipo kawirikawiri nthengu. Maso akachuluka, kabawi amaonedwa msanga, ndipo aliyense amakhala ndi mpata wodya m'malo mocheukacheuka. Gululo likamadutsa limavumbulutsanso tizilombo. Kothawa apalis kamagwera m'kamwa mwa nthengu, yemwe amakhala panthambi yoonekera ndipo ndiye amayamba kukuwa kukabwera mdani. Timba wokhala ndi dera lake amalowa m'gulumo likafika kwawo, n'kulisiya likafika kumalire.

Ndimamva ngati mbalame ziwiri zikulira mopokezana. Kodi ndi zoona?

Ndi zoona, ndipo mitundu yambiri ya apalis imadziwika ndi zimenezi. Wamwamuna amayamba ndi mawu amphamvu obwerezabwereza, wamkazi n'kulowerera ndi timawu tothamanga tokwera, ndipo zimalukana bwino moti wosadziwa amayesa ndi mbalame imodzi. Ku Ulaya oimba amakhala aamuna, ndipo amaimba miyezi yochepa ya kuswana. M'nkhalango zotentha awiriwo amakhala pamodzi chaka chonse, pa dera lomwelo, ndipo onse amalitchinjiriza. Kupokezana kumauza anansi kuti malo ano ali ndi eni ake awiri, komanso kumathandiza awiriwo kudziwana komwe ali m'masamba owirira.

Kulira ndi kumenenso kumakuthandizani kuwasiyanitsa. Bradypterus lopezi amabwereza liwu limodzi, kuyamba motsitsa n'kumakweza, kenako n'kudukiza mwadzidzidzi. Camaroptera akadzidzimuka amalira ngati kamwana ka mbuzi kosiyidwa ndi make, ndipo mukangomumva kamodzi mudzamuzindikira ngakhale kuseri kwa nyumba yanu.

Kodi pali timba amene amasokadi masamba?

Alipo, ndipo ndi camaroptera yemweyo. Amasankha chitsamba cha masamba aakulu ofewa, kawirikawiri chosafika m'chiuno mwa munthu. Amaboola timabowo m'mphepete mwa masambawo ndi mlomo, n'kulowetsamo ulusi wa kangaude kapena wa zomera, n'kukoka mpaka masamba atakumana n'kupanga kathumba. Mkati mwake amayalamo udzu wosalala ndi tinthu tofewa, ndipo nthawi zambiri tsamba lina amalisokera pamwamba kuti mvula isalowe. Masambawo sawathothola. Amakhalabe amoyo ndi obiriwira, kotero njoka kapena nyani wodutsa amangoona chitsamba wamba.

Apalis wa mzere pachidali sasoka. Amamanga kachisa kobulungira ka ndere, timizu ndi ulusi wa kangaude, khomo lili cham'mbali chakumtunda. Phylloscopus ruficapilla amamanga cha ndere pansi kapena pagombe la kamtsinje, chobisika moti mutha kuchiponda.

Amaikira mazira angati?

Awiri kapena atatu. Akuluakulu anati timba sachepa ndi mazira ake, ndipo a m'nkhalango amawasamaladi, koma saikira ambiri. Mu 1944 Moreau uja anaonetsa kuti mbalame za ku Africa zimaikira mazira ochepa poyerekeza ndi abale awo a ku Ulaya. Phylloscopus trochilus wa ku Ulaya amaikira asanu mpaka asanu ndi awiri, pamene mbale wake wa pa Zomba amalekera pa awiri kapena atatu.

Zifukwa zake zilipo zingapo. Kuno usana sutalika ngati wa ku Ulaya m'nyengo yawo yotentha, ndiye maola osakira chakudya cha ana ndi ochepa. Adani a zisa ndi ambiri, ndipo kholo lopita pachisa pafupipafupi limalozera mdani njira. Komanso mbalame ya kuno sikumana ndi chisanu chopha, choncho imakhala zaka zambiri ndipo imatha kuyesanso chaka chamawa. Robert Dowsett ndi Françoise Dowsett-Lemaire, omwe anaveka mphete mbalame za m'nkhalango za pa Nyika kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ankapeza mbalame zomwezo pa malo omwewo chaka ndi chaka. M'mapiri athu kuswana kumachitika makamaka kuyambira Okutobala mpaka Januwale, pamene mitengo yaphuka ndipo mbozi zachuluka.

Tsoka lina limachokera kwa mbalame za mtundu wa cuckoo, zomwe sizimanga zisa. Chrysococcyx cupreus amakonda kuikira dzira lake m'chisa cha camaroptera, ndipo Chrysococcyx klaas amachita zomwezo kwa apalis. Mwana wa mlendoyo amachotsa ana a eni chisa, ndipo timba amatha masabata akudyetsa mwana womuposa msinkhu.

Kodi amasamuka?

Eni nkhalango ambiri sasamuka. Chomwe ena amachita ndi kutsika phiri. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chiperoni chikakuta mapiri ndi nkhungu ndi mvula yowaza, tizilombo timachepa kumtunda, ndipo mbalame zina zimatsetserekera m'nkhalango za m'munsi ndi m'mbali mwa mitsinje, n'kudzakweranso kukayamba kufunda. Ichi n'chifukwa chake kuteteza nkhalango ya pamwamba pokha sikukwanira.

Alendo enieni amabwera ndi dzinja. Phylloscopus trochilus amafika kuno cha mu Okutobala kuchokera ku Ulaya ndi ku Siberia, n'kunyamuka cha mu Epulo. Ofufuza anamangirira tizipangizo tolemba ulendo pa ena a kum'mawa kwenikweni kwa Russia, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2018 zinaonetsa ulendo wa makilomita pafupifupi 13,000 kupita kokha, kudzafika kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Kambalame kake n'ka magalamu 10. Koma iye salowa mkati mwa nkhalango yowirira. Mumupeza m'miombo, m'mitengo ya pakhomo ndi m'mphepete mwa nkhalango.

Nanga timbalame tonga tomweti ta ku America?

Si tachibale. Ta ku America ndi ta banja la Parulidae, lomwe lili pafupi ndi mbalame zodya njere kusiyana ndi atimba athu. Ku Australia ndi New Guinea kulinso banja lina, Acanthizidae, logwira ntchito yomweyo. A ku Ulaya ndi a ku Asia, monga timbalame ta gulu la Tesia ta miyendo yaitali ndi kamchira kosaoneka, ndi amene ali pachibale ndi athu.

Choopseza atimba amenewa kwambiri n'chiyani?

Ndi kutha kwa nkhalango. Legeni ndi ulimbo zimapha mbalame imodziimodzi, koma nkhwangwa imachotsa mudzi wonse. Anthu a ku Blantyre achikulire amakumbukira phiri la Ndirande lili ndi nkhalango. Inatha m'zaka za m'ma 1990. Ya pa phiri la Thyolo inatsatira, n'kusanduka minda, ndipo zomwe zatsala kumeneko ndi tizigamba ta m'minda ya tiyi, momwe apalis wa mapiko oyera akupulumukirabe. Pa Mulanje, nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ocheka matabwa atha mkungudza, ndipo owotcha makala akukwera chaka ndi chaka. Pa Namuli anthu akugwetsa nkhalango kuti alime kachewere.

Moto nawo umadya mwakachetechete. Nkhalango ya mvula yokha siipsa msanga, koma moto wa m'maudzu ukamafika m'mphepete mwake chaka chilichonse, umaidya pang'onopang'ono. Kachigamba kakachepa, mphepo ndi dzuwa zimalowa, ndere zimauma, tizilombo timachepa. Mpheta kapena pumbwa angasamukire kumunda, koma Bradypterus alibe kopita.

Sindikuloza chala mayi wosenza nkhuni kapena mnyamata wokankha njinga ya makala. Msika wa makalawo uli m'matauni, m'makhitchini mwathu. Ndipo nkhalango yomwe timba akufuna ndi yomweyo imene imasunga madzi a Mulunguzi omwe mzinda wa Zomba umamwa, ndi a Likhubula omwe amafika mpaka ku Blantyre. Mabungwe monga Mulanje Mountain Conservation Trust ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi akhala akugwira ntchito m'malo amenewa, koma podzala mitengo tizikumbukira kuti munda wa paini kapena wa bulugamu sulowa m'malo mwa nkhalango yachilengedwe. Pansi pa paini wothithikana simumera zitsamba zomwe timbalameti timadalira.

Ndikufuna kuwaona ndekha. Ndiyambire pati?

Malo osavuta kufikako ndi pamwamba pa phiri la Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi ndi m'tizigamba ta nkhalango yachilengedwe ta kufupi ndi Chingwe's Hole. Kumeneko apalis wa khosi lachikasu sasowa. A m'chigawo chapakati apite ku nkhalango ya Ntchisi. Kumpoto kuli Zovo Chipolo pa Nyika, Chowo kumbali ya Zambia ya phiri lomwelo, ndi nkhalango za Mughese ndi Wilindi ku Misuku.

Lawirirani, chifukwa kulira kumachuluka dzuwa likangotuluka. Valani zovala zosawala. Musayendeyende kwambiri: pezani malo pomwe nkhalango yakumana ndi njira kapena mtsinje, khalani pansi, dikirani. Mukamva kulira, musayang'ane mtengo wonse, yang'anani tsamba lomwe likugwedezeka popanda mphepo. Magalasi oonera patali amathandiza, koma foni yojambula mawu imathandizanso kwambiri, chifukwa mawuwo mutha kukawayerekeza kunyumba. Tengani woperekeza wa m'deralo, ndipo mumulipire bwino.

Pali chizolowezi choliza mawu a mbalame pa foni kuti ibwere pafupi. Chimagwiradi ntchito, chifukwa timba amayesa kuti mdani walowa m'dera lake, koma amasiya kudya ndi kudyetsa ana n'kumasakasaka mdani amene kulibe. M'miyezi ya kuswana musachite zimenezi, ndipo mukapeza chisa musachikhudze kapena kupatula masamba ochibisa. Lembani tsiku, malo ndi mtundu womwe mwaona, n'kuzitumiza pa eBird, tsamba la pa intaneti losonkhanitsa malipoti a mbalame, kapena ku nthambi ya Wildlife and Environmental Society of Malawi ya kufupi nanu, makamaka ngati mwaona apalis wa mapiko oyera kapena wa khosi lachikasu m'kachigamba ka nkhalango komwe alendo safikako.